Dokotala ali kutali, singano ili m'mimba mwako, amamva bwanji kuti yafika?

NaChisale_Matawale
Mwaswera bwanji a pagulu. Ndili ndi funso, mwina muno muli odziwa zachipatala. Sabata yatha ndinaperekeza mayi anga ku Blantyre, anawapeza ndi chotupa m'chiwindi nde amafuna atengeko kanyama pang'ono akapime. Tadikira miyezi iwiri kuti tsiku lipezeke poti adokotala opanga zimenezi ndi ochepa. Anandilola kulowa nawo chifukwa mayi Chichewa cha kuchipatala chimawadutsa, amamva bwino Chiyao, nde ine ndimamasulira. Adokotalawo dzanja lamanzere agwira kachipangizo ka sikani kaja amapaka mafuta ozizira, lamanja singano yaitali ngati sipoko ya njinga, maso onse pa sikirini, pamimba osayang'anapo n'komwe. Akuti auzeni agwire mpweya. Ndawauza. Akulowetsa pang'onopang'ono, kenako aima, nkuyankhula okha kuti eya, palimba apa, ndafika, nde kunangomveka kuti tha! ngati sitepula. Basi zatha. Mphindi 15 sizinakwane, koma miyezi iwiri yodikira ndi ndalama ya minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera.

Nde dzulo mwana wanga wandionetsa vidiyo pafoni, dokotala wakhala pampando chipinda china akugwedeza timitengo ngati ta geyimu, makina ndi amene akulowetsa singano mwa wodwala, akuti atha kukhala ngakhale mzinda wina. Funso langa ndi ili, adokotala athu aja anati palimba chifukwa anamva m'dzanja. Nanga wakutaliyu amamva ndi chani? Sangaboole mpaka kutulukira kumsana? Ndipo zikanakhalako, mayi sakanapangidwira konkuno ku Zomba?

kabaza_wa_Sadzi
Pepani asisi ndi matenda a mayi. Koma za maloboti ife timadziwa a pamsewu okha, wofiira ima, wobiriwira pita kkkk

Che_Mpondabwino
Kutumiza singano patali? Azigogo athu anayamba kalekale zimenezo, opanda ndi netiweki yomwe. Azungu angochedwa kutulukira.

MayiWaMapasa
Kkkkk Che Mpondabwino inu mudzatiphetsa. Munthu akufunsa za mayi ake odwala inu muli pa ufiti.

WaEkisileyi
Asisi funso lanu ndi labwino kwambiri, ndipo ndi lomwelo limene akatswiri akulimbana nalo. Ine ntchito yanga ndi yojambula ekisileyi ndi sikani nde ndiyambe ndi chimene anthu ambiri sadziwa. Makina amenewa poyamba sanawapangire kuti dokotala akhale mzinda wina ayi, anawapangira kuti atalikirane ndi cheza cha ekisileyi. Mayi anu anawapanga ndi ultrasound, imeneyo ndi mafunde a phokoso, ilibe vuto. Koma pali ntchito zina, monga kutsegula mtsempha wa mtima wotsekeka, dokotala amalowetsa kawaya ndi kapaipi kuyambira padzanja kapena mphechepeche mwa ntchafu mpaka kukafika kumtima, ndipo njira yonseyo ekisileyi imakhala ikuyatsidwa kuti aziona. Wodwala amalandira chezacho tsiku limodzi nkumapita kwawo. Dokotala ndi manesi ndi tsiku lililonse, zaka 20, 30. Amavala epuloni ya mtovu, ine ndimaivala, ndi yolemera ngati wabereka mwana wa miyezi ingapo kutsogolo tsiku lonse, ukamaweruka msana uli moto. Ambiri amathera ndi vuto la msana, ena ng'ala m'maso. Nde kunabwera makina ngati CorPath, ku America anawavomereza 2012, dokotala amakhala pampando kuseri kwa chotchinga mamita ochepa chabe kuchokera pabedi, ndipo pa kafukufuku wake cheza chofika kwa dokotala chinatsika ndi kuposa 90 peresenti. Za kutali zinabwera pambuyo, anthu ataona kuti ngati waya wa mamita atatu ukugwira ntchito nanga wa makilomita bwanji.

Chikanda_Boy
Nde za kumvazo? Simunayankhe bwana.

WaEkisileyi
Ndikubwera man, ndimatayipa ndi chala chimodzi. Chilungamo chake, makina ambiri amene akhala akugwiritsidwa ntchito dokotala samva kanthu m'dzanja. Amangodalira maso. Pamenepo ndi pamene pali mpikisano pano.

mwana_wa_Kachulu
Ine sindine wachipatala koma ndakulira pa Chilwa. Madzi a Chilwa ndi a matope, mbedza ukaponya suiona. Koma chingwe chili pachala, umadziwa kuti uyu ndi mlamba wameza, awa ndi matemba akungojompha nyambo, apa ndakola udzu wa pansi. Agogo anga anali osaona bwino koma amatiposa tonse. Nde munthu andiuze kuti wedza uli kumtunda, chingwe chagwidwa ndi makina, iwe uzingoonera pa TV, ine ndikana. Ndi nsomba imeneyo, nanga chiwindi cha munthu?

Fizikisi_Chirunga
Akulu a ku Kachulu mwafotokoza bwino kuposa buku lathu la m'kalasi. Ndiyesere kulongosola m'mene amabwezera kumvako. Pali mbali ziwiri. Kwa wodwala kuli mkono wa makina wogwira singano, ndipo pamkonopo amaikapo kachipangizo koyeza mphamvu, kangati sikelo yaing'onong'ono, kamayeza kuti singano ikukankhidwa mobwerera ndi mphamvu yochuluka bwanji. Nambala imeneyo imapita pa waya kukafika kwa dokotala. Kwa dokotala kuli chogwirira chokhala ndi timamota mkati, nde timamotato timakankha dzanja lake mobwerera ndi mphamvu yomweyo. Singano ikagunda nthiti, chogwirira chimauma gwa. Ikaboola kachikopa kokuta chiwindi, mphamvu imakwera kenako nkugwa mwadzidzidzi, dokotala amamva ka phu! kaja m'zala. Kuti zimveke zenizeni kompyuta imayenera kuwerengera mphamvuyo kokwana 1000 pa sekondi imodzi, pamene vidiyo zithunzi 30 pa sekondi diso lakhuta kale. Khungu ndi lovuta kulinamiza kuposa diso.

Ndipo nzeruyi si yachilendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 Raymond Goertz ku labu ya Argonne, kufupi ndi Chicago, anapanga manja ogwirira zinthu za nyukiliya munthu ali kuseri kwa khoma. Oyambirirawo analibe kompyuta, anali zingwe zachitsulo ndi mapule, nde kumva kumabwera kokha ngati chingwe cha mbedza chija. Vuto linayamba titadula chingwe nkuikapo magetsi pakati.

MayiWaMapasa
Ooh nde zili ngati mthiko eti. Nsima sumaiona ndi maso kuti yalimba, umamva pamthiko. Mwana wanga wamkazi amaonera mavidiyo ophika koma nsima yake ndi phala mpaka lero.

Fizikisi_Chirunga
Ndendende mayi. Nde yerekezani mthiko uli ku Matawale inu muli ku Limbe.

Chikanda_Boy
Aaa nde ndi zija za padi ya PlayStation, galimoto ikagunda imanjenjemera

Fizikisi_Chirunga
Ayi man, kunjenjemera ndi belu chabe, ikukuuza kuti chinachake chachitika. Sikukuletsa kukankha. Yerekeza ndi chiwongolero cha geyimu chija chimalimba ukamakhota pakona, icho nde chayandikira. Makina ena achipatala amagwiritsadi kunjenjemerako ngati chenjezo poti nkotchipa, koma si kumva kwenikweni.

Mzika_Yokwiya
Ine mundikhululukire koma nkhani izi zimandinyansa. Mwezi watha ndinapita ndi mwana pa chipatala china chaching'ono, anandilembera mankhwala nkundiuza kagule ku famase, ngakhale panado analibe. Magolovesi anesi akuchita kuwerenga. Nde tikhale pano tizikamba za maloboti a madola mamiliyoni? Tikulota tili maso. Magetsi akazima singano ili m'chiwindi nde mutani, muyatsa kandulo?

kabaza_wa_Sadzi
Apa nde mwalasa. Kwathu azima kuyambira 5 koloko m'mawa, foni ndatchajitsa ku barbershop

AuntieWaStrawberry
Pepani podutsa, amene akufuna mastrawberry ndi mapichesi a ku Chawe ndili nawo, ndimafikitsa mpaka m'tauni, inbox

Admin_Zomba
Auntie malonda ndi Loweruka, lamulo mukulidziwa. Ulendo wina ndichotsa.

Nesi_ku_Leeds
Moni kumudzi. A Mzika mukunena zoona, palibe akutsutsa, koma asisi afunsa kuti adziwe, kudziwa sikulanda panado wa munthu. Ine ndimagwira ku theatre kuno ndipo tili ndi da Vinci, loboti yopangira opaleshoni, ndimaiona sabata iliyonse. Mtengo wake ndi cha m'ma madola 2 miliyoni, osawerengera zida zake zomwe zimatayidwa zikagwira maulendo owerengeka. Koma ndikufuna nditsutsaneko ndi a ku Kachulu. Makina amenewa analoledwa ku America chaka cha 2000 ndipo kwa zaka zoposa 20 analibe kumva kulikonse m'manja, koma apanga maopaleshoni mamiliyoni. Madokotala athu amati amamva ndi maso, akaona m'mene ulusi wakokekera kapena m'mene mnofu wayererako akaukanikiza, ubongo umadzaza wokha. Mtundu watsopano, da Vinci 5, ndi umene wabwera ndi kumvako mu 2024. Nde mwina kumva m'dzanja tikukukweza kwambiri. Ophunzira ndi amene amadula ulusi pomanga mfundo chifukwa chokoka kwambiri, akazolowera zimatha.

WaEkisileyi
Sisita ndikulemekezani koma apa mwasakaniza mbuzi ndi nkhosa. Pa da Vinci kamera ili mkati mwa mimba, dokotala akuona mnofu weniweni, mtundu wake, kuya kwake, magazi akatuluka akuwaona pompo. Kwathu kuno ku zojambula sitiona mnofu, timaona chithunzithunzi. Pa ekisileyi mtsempha suoneka n'komwe mpaka upopere mankhwala oudetsa, ndipo amatha m'masekondi ochepa, komanso sungamangopopera chifukwa amalemetsa impso. Nde kawaya kakugunda khoma la mtsempha, chithunzi chikuonetsa kuti kangopindika pang'ono, koma zala zimadziwa kuti apa ndikakankhanso ndiboola. Pa CT, sikani ya ekisileyi yoonetsa mkati mwa thupi, nde nkovutirapo, umalowetsa singano pang'ono, kutuluka m'chipinda, kujambula, kubwerera, kukonza, kutulukanso, ndipo wodwala akupuma, chiwindi chimatsika ndi kukwera masentimita angapo, singano yaitali nayo imapindika m'njira. Nchifukwa chake mayi a asisiwa amauzidwa gwirani mpweya. Pakati pa chithunzi ichi ndi chinacho dokotala ndi wakhungu, chimene watsala nacho ndi dzanja. Mukamulanda dzanjalo mwamusiya ndi chani?

Nesi_ku_Leeds
Chabwino pa singano ndi waya ndavomera. Koma nanunso vomerani kuti dzanja limanama. Kapaipi kautali koposa mita kadutsa m'makona a mitsempha, zambiri zimene zala zikumva ndi kukhulana kwa m'njira, osati za kunsonga.

Fizikisi_Chirunga
Sisita apa mwagunda penipeni. Ngakhale pa singano, mphamvu imene umamva kuchogwirira ndi zinthu ziwiri zosakanikirana, kudula kwa kunsonga ndi kukhulana kwa thupi lonse la singano ndi khungu ndi minofu imene yadutsa kale. Ikamalowa mozama kukhulanako kumakula mpaka kuphimba za kunsonga. Nde ofufuza ena akuika koyezera kunsonga kwenikweniko, kopangidwa ndi ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi, kuti dokotala amve za kunsonga zokha. Komanso mphamvu yaing'ono atha kuichulukitsa, ndipo dzanja likayenda masentimita asanu singano nkuyenda imodzi yokha, kunjenjemera kwa dzanja nkusefedwa. Pamenepo makina sakungobweza zimene anachotsa, akupereka zimene dzanja lokha silingathe.

mwana_wa_Kachulu
Nde mukuti ndizimva matemba ngati mlamba? Bola asachulukitse udzu

Mphunzitsi_Wopuma
Ana inu nkhani yakoma. Ine ndifunse za MRI. Ndikukumbuka kuti ku Queens inafika 2008 pa kafukufuku wa ana odwala malungo a muubongo, ndi imene inathandiza kuonetsa kuti chimapha anawo ndi kutupa kwa ubongo. Mdzukulu wanga atalowamo anativula mawotchi, makiyi, ndalama zachitsulo, zonse. Nanga makina anu a mamotawo alowamo bwanji?

WaEkisileyi
Bambo mwafunsa ngati munaphunzitsa sayansi. MRI ndi maginito wamphamvu ndipo ambiri sazimitsidwa, chitsulo wamba chimauluka ngati chipolopolo, mota wamba ali ndi chitsulo ndi maginito ake, nde amaononga chithunzi ngakhale asauluke. Komanso wodwala ali mkati mwa mphako yopapatiza, dzanja la dokotala silifikamo bwino. Nde kumeneko makina akutali si manyado, amathandizadi kulowetsa singano uku ukujambula. Amawapanga ndi pulasitiki ndi zadothi zolimba, oyendetsedwa ndi mpweya kapena madzi m'timapaipi, koyezera mphamvu nkukhala ka ulusi wagalasi kaja anena a Fizikisi. Koma mpweya umafinyika, nde kumva kumabwera kofewa ngati ukukankha ndi siponji. Mutu umawawawa ainjiniya pamenepo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndinaphunzitsa Chichewa ndi Baibulo mwana wanga, zaka 34 ku Domasi ndi ku Thondwe. Koma zikomo.

Chikanda_Boy
Ok koma za mzinda wina zija zinachitikapo kapena ndi mavidiyo a AI?

Nesi_ku_Leeds
Zinachitika kalekale iwe usanabadwe mwina. Pa 7 September 2001 Jacques Marescaux ali ku New York anachotsa ndulu ya mayi wa zaka 68 ali ku Strasbourg ku France, ndi makina otchedwa ZEUS. Nkhani yake inaphimbika poti patangopita masiku anayi kunagwa nsanja zija za ku New York. Ndipo mu December 2018 Tejas Patel ku India anatsegula mitsempha ya mtima ya odwala ali ku Ahmedabad iye ali ku Gandhinagar, makilomita pafupifupi 32, ndi CorPath yomwe anena a Ekisileyi ija.

Fizikisi_Chirunga
Koma onse awiriwo anali opanda kumva m'dzanja, dziwani zimenezo. Ndipo chifukwa chake ndi kuchedwa. Ulendo wa New York uja uthenga kupita ndi chithunzi kubwera zimatenga mamilisekondi 155, pa laini yapadera ya France Telecom yosagawana ndi wina aliyense. Maso amapirira kuchedwa kotero, umangochepetsa liwiro. Koma mphamvu ikachedwa zimasokonekera. Wakankha, singano yagunda cholimba, uthenga ukadali m'njira iwe ukukankhabe, ukafika chogwirira chikukubweza mwamphamvu, iwe wabwerera, uko singano yamasuka, uthenga wachedwanso, wakankhanso, mapeto ake makina ayamba kudzigwedeza okha uku ndi uku. Zili ngati anthu awiri anyamula tebulo wina akumva mochedwa. Njira yozizitsira ndi kufewetsa kumvako, koma ukafewetsa kwambiri fupa ndi chiwindi zimveka chimodzimodzi, nde waphulanji.

Mtunda wokha si vuto kwa ife. Kuwala mu faiba kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, Zomba ndi Blantyre sipakwana makilomita 70, kupita ndi kubwera sikukwana milisekondi imodzi. Vuto ndi zida za m'njira, kuthinana kwa anthu pa laini, ndi kusinthasintha, pano yathamanga pano yaima. Kusinthasinthako nkoipa kuposa kuchedwa kokhazikika.

kabaza_wa_Sadzi
Ndi munthu wokumba ngalande nkudula faiba ndi khasu kkkk

Chikanda_Boy
Starlink ilipo kuyambira 2023 man, khasu silifika kumwamba

Mzika_Yokwiya
Mvula ya ku Zomba ukuidziwa iwe? Freddy unali kuti? Ndipo dishiyo imadya magetsi omwewo. 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira tinakhala mumdima miyezi ingati?

Che_Mpondabwino
Bandulo ikatha pakati pa opaleshoni amakutumizira meseji kapena amatumizira dokotala?

Kilinikala_wa_kuboma
Ndakhala ndikuwerenga chete, ndilankhuleko ngati munthu amene amagwira mpeni kuchipatala cha boma laling'ono. Asisi a ku Matawale, yankho la funso lanu lomaliza silikoma koma ndi ili. Ku Strasbourg kuja pambali pa wodwala panali madokotala a opaleshoni okonzeka kulanda ntchito laini ikaduka. Ku Ahmedabad chimodzimodzi. Kutenga kanyama m'chiwindi choopsa chake chachikulu ndi kutaya magazi mkati, sizichitika kawirikawiri koma zikachitika pamafunika munthu pompo woti azindikire, magazi oti amuike, mwina theatre. Nchifukwa chake mayi anu anawagoneka maola angapo akuwayeza BP asanawatulutse. Loboti simapanga zimenezo. Nde kuti makinawo agwire ntchito ku Zomba pafunika kale munthu wodziwa, ndipo munthu ameneyo mukamuphunzitsa bwino singanoyo alowetsa yekha ndi dzanja lake, kumva kwaulere. Kuno maopaleshoni ambiri a m'maboma, obereketsa amayi, a chophuka, timapanga ndife makilinikala. Chimene ine ndingapemphe si mkono wa makina, ndi sikani yabwino ya ultrasound, singano zake zosatha m'sitolo, ndi katswiri ku Blantyre woona sikirini yanga pa intaneti nkumandiuza kuti pendeketsa pang'ono, ima, lowa. Netiweki ikaduka dzanja langa likadali pomwepo.

Ndipo musaiwale, kanyamako kakatengedwa kakufunikabe wokapima ku labu. Mzere wina uli kumeneko.

WaEkisileyi
Bwana Kilinikala pa chiwindi ndagwirizana nanu zonse. Koma musatseke chitseko. Pali ntchito zina zoti simungaphunzitse munthu m'boma lililonse chifukwa odwala ake ndi ochepa pamalo amodzi ndipo dzanja limafuna kuzolowera, monga kukoka magazi oundana mumtsempha wa muubongo munthu akagwidwa sitiroko. Pamenepo maola ndi ochepa, wodwala wa ku Jali kapena ku Mayaka akamafika ku Blantyre mbali ina yapita kale. Ndipo mitsempha ya muubongo ndi yosachedwa kubooka, kumva kumafunika zedi. Siemens inagula kampani ya CorPath ija mu 2019 ndi madola 1.1 biliyoni, mu 2023 nkusiya za mtima kuti ilimbikire za muubongo. Aona kuti phindu la kutali lili kumeneko.

Kilinikala_wa_kuboma
Kapena aona kuti za mtima sizikugulidwa kkk. Nanga wa ku Jaliyo CT yoti tidziwe kuti sitiroko yake ndi yotsekeka osati yophulika aipeza nthawi yanji? Ndi ambulansi ya mafuta ake ati? Tiyambe taika makwerero apansi.

Mzika_Yokwiya
Mwaona, mwabwera kwanga komwe munkanditsutsa

Nesi_ku_Leeds
Sitinakutsutseni akulu, tinangoti musatitseke pakamwa. Komanso pali pena pamene kumvaku kwafika kale motchipa, pophunzitsira. Kuno ophunzira amayeserera kubaya pamsana ndi kuyendetsa waya pa makina onamizira, chogwirira chimawapatsa kulimba kwa fupa ndi ka phu! kaja, amalakwitsa kambirimbiri popanda wolira. Chimenecho ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, kapena ku koleji ya zaumoyo konkuno ku Zomba chingathandize mawa lomwe, sichifuna faiba.

Fizikisi_Chirunga
Ichi nde tingapange ngakhale ife ngati pulojekiti ya chaka chomaliza, mota mmodzi, koyezera mphamvu ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino. A Kilinikala mungabwere kudzatiuza ngati chikumveka ngati chiwindi chenicheni? Ife timangodziwa cha mbuzi cha pa chiwaya.

Kilinikala_wa_kuboma
Gulani cha ng'ombe chosaphika ku bucha mubaye mumve. Ndibwera, koma chiwaya mulipira ndinu.

NaChisale_Matawale
Eee ndangopita kokaphika ndapeza mameseji 40. Zikomo nonse, ndamva tsopano, a ku Kachulu ndi a mthiko ndi amene mwandifikitsa. Zoonadi a Kilinikala, anawagoneka chammbali maola anayi akuwayeza pafupipafupi, ine ndimaona ngati akungotichedwetsa tiphonye minibasi. Ndawafotokozera mayi za makinawa, angoti nde wondiuza kuti gwira mpweya akhala ndani, nkutembenuka kugona. Pabala pakuwawabe pang'ono akamatsokomola koma akudya. Zotsatira akuti tikamve Lachinayi sabata ya mawa. Ngati alipo wopita ku Blantyre m'mawa wa tsiku limenelo ndi galimoto atithandize, tithira nawo mafuta, mayi minibasi yothinana ikuwavuta.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga amapita Lachinayi lililonse kukatenga katundu ku Limbe, amanyamuka 5:30. Ndimuuza mayi akhale kutsogolo. Ndilembereni ku inbox mwana wanga.

kabaza_wa_Sadzi
Kuchoka kunyumba kufika pamsewu ndidzawanyamula ine ulere, mabampu ndimawamva m'manja